Land Rover yakale isamaoneke ngati firiji yatsopano: kusankha penti ndi kutchinga dzimbiri

Pa ukwati wina ndinaona Land Rover Series IIA ya m'zaka za m'ma 1960 imene mwini wake anathirapo ndalama zosati masewera. Bodi inali kunyezimira moti munthu akanatha kupesera tsitsi pa chitseko. Bampala anaipenta siliva, felemu ya galasi lakutsogolo siliva, marimu oyera mbee, mabawuti onse owala ngati masupuni atsopano. Achinyamata ankadzijambula nayo. Koma bambo ena achikulire, amene kale ankayendetsa galimoto zotere ku esiteti ya tiyi, anangoizungulira kamodzi n'kupukusa mutu. Ine nditagwada n'kusuzumira kunsi, ndinapeza madzi ofiira a dzimbiri akudontha pa kabowo ka chasisi. Galimoto imeneyi inali italuza pawiri: pamaso sinkafanana ndi mmene inatulukira ku fakitale ya ku Solihull, ku Britain, ndipo kunsi inali kuwola monga kale.

Njira imene ndimatsata ine ndi yakuti pamene diso limaona, nditsatire fakitale, koma pamene diso silifika, nditeteze kuposa mmene fakitale inachitira. Ndifotokoza za Land Rover Series II, IIA ndi III, zopangidwa kuyambira 1958 mpaka 1985, chifukwa ndi zimene zikupezekabe kuseri kwa magalaja ndi pansi pa mitengo ya mango kwathu kuno. Zambiri mwa izi zigwiranso ntchito pa Peugeot 404 kapena Volkswagen yakale.

Poyamba, werengani galimoto musanagwire sandipepala

Ambiri amalakwitsa tsiku loyamba lenileni. Amamasula zonse, kupala zonse mpaka chitsulo, kenako n'kuyamba kufunsa kuti kodi ichi chinali cha mtundu wanji. Umboni wonse amakhala atausesa pamodzi ndi fumbi.

Tsukani galimoto ndi sopo ndi palafini, muijambule paliponse ndi foni. Mukatero sakani malo amene dzuwa ndi opopera penti am'mbuyomu sanafikepo: pansi pa mipando, kuseri kwa mamita, pansi pa mahinji a zitseko, m'kati mwa bokosi la zida. Penti wa fakitale amabisala m'menemo. Pukutani pang'ono ndi polishi kuti mtundu weniweni utuluke, ndipo kachidutswa kamodzi kotere mukasunge padera, musakapale. Ndi kamene mudzapite nako kwa osakaniza penti. Chithunzi cha pa foni sichithandiza pa mtundu, foni iliyonse imaonetsa kwake.

Pezaninso nambala ya chasisi. Inadindidwa pa chitsulo chogwira sipuling'i yakutsogolo kudzanja lamanja, komanso ili pa kambale ka m'kati. Ndi nambala imeneyi mukhoza kuitanitsa chikalata ku British Motor Museum, ku Gaydon, kumene amasunga mabuku a fakitale, ndipo chimanena tsiku limene galimoto inapangidwa ndi mtundu umene inatuluka nawo. Pamalo pa nambalayo musadzaikepo fila, phala lija losalazira bodi, kapena penti wochindikala, chifukwa tsiku loyeza galimoto adzafuna kuiwerenga.

Kenako sanjani zitsulo m'milu

Tengani maginito a sipika yakale. Land Rover ndi galimoto ya zitsulo zosakaniza, ndipo mankhwala ochiritsa chitsulo china amapha chinzake. Mapanelo a bodi ndi a aluminiyamu wosakaniza ndi maginiziyamu, wotchedwa Birmabright, ndipo maginito sagwirapo. Chasisi ndi yachitsulo wamba. Bulkhead, khoma lija lolekanitsa injini ndi pokhala dalaivala, nalonso ndi lachitsulo. Zitseko ndi zachinyengo: khungu ndi aluminiyamu koma mafupa a m'kati ndi chitsulo. Mulu wachitatu ndi wa zitsulo zoviikidwa mu zinki monga malata: bampala, felemu ya galasi, ndi timizere totuwa tokuta milomo ya bodi yakumbuyo. Mulu wachinayi ndi mabawuti, manati ndi mawashala. Amenewa aikeni m'timapepala tapulasitiki, kalikonse mutalemba komwe achokera. Kabiyuleta muiike payokha, chifukwa thupi lake ndi la zinki wosungunula ndipo asidi kapena soda wowotcha amalidya.

Kuchotsa dzimbiri

Penti wokwera mtengo bwanji, akapakidwa pa dzimbiri ndi ndalama zotaya. Ndipo girisi amachoka dzimbiri lisanachoke. Mukayamba ndi galayindala pa chitsulo chamafuta, mukungokankhira mafutawo m'timaenje.

Zitsulo zikuluzikulu, monga chasisi, maekiselo ndi marimu, njira yabwino ndi kuzipopera mchenga ndi kompuresa. Wopoperayo avale chotchinga mphuno chenicheni, chifukwa fumbi la mchenga wa kumtsinje limaononga mapapo kosachiritsika. Chitsulo chikangotuluka mu mchenga chipakidwe pulayimala, penti woyamba wapansi uja, tsiku lomwelo. Mukachigoneka usiku umodzi m'nyengo ya mvula, m'mawa mupeza chayamba kale kufiira.

Pa tizitsulo ting'onoting'ono pali njira ziwiri zotchipa zimene ndimazikonda. Yoyamba ndi ya magetsi. Thirani madzi m'ndowa yapulasitiki, musungunulemo soda wochapira, supuni yaikulu imodzi pa malita 4 alionse. Waya wakuda wa tchaja ya batire mumange ku chitsulo chimene mukutsuka, wofiira ku chitsulo china chotaya, ndipo ziwirizi zisakhudzane m'madzimo. Pakapita usiku umodzi dzimbiri limasanduka matope akuda ochoka ndi bulashi. Chotayacho chisakhale cha siteniresi, chifukwa chimasiya poizoni m'madzi, ndipo ntchitoyi ichitikire pabwalo poti pamatuluka mpweya woyaka. Mukasemphanitsa mawaya, chodyeka chikhala chitsulo chanu chabwinocho.

Yachiwiri ndi molasesi, zotsalira zakuda zija za ku fakitale ya shuga, monga ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Gawo limodzi la molasesi, magawo 9 a madzi, mumize zitsulo n'kuvundikira. Imafuna mtima wodekha, masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo fungo lake likayamba kuwira anansi akudandaulani, koma imalowa m'makona mmene bulashi siifika. Aluminiyamu ndi zazinki musaikemo. Potulutsa tsukani, umitsani msanga padzuwa, pakani pulayimala.

Mankhwala a m'botolo osandutsa dzimbiri kukhala lakuda, amene ambiri ali ndi asidi wa phosphoric, ndi othandiza pa dzimbiri lochepa lotsalira m'timaenje. Sangalowe m'malo mwa kupala, ndipo sabweza chitsulo chimene chadyeka. Gogodani chasisi ndi hamala yaing'ono, makamaka mtanda wakumbuyo ndi mikono yogwira bodi. Pamene pakulira ngati chitini chophwanyika, wowotcherera adule aikepo chitsulo chatsopano.

Chasisi ndi bulkhead

Galimoto zimenezi zinkatuluka ndi chasisi yakuda, penti wake wopyapyala, wosawala kwambiri, ndipo m'kati mwa mphako zake munalibe chitetezo chodalirika. Ku Britain chimazipha ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi yachisanu. Kuno mchere wa mumsewu kulibe, koma tili ndi katondo. Matope ofiira amalowa m'chasisi, kutseka timabowo totulutsira madzi, n'kusunga chinyontho mpaka mwezi wa June. Ndipo galimoto imene inanyamulapo matumba a feteleza chaka ndi chaka, yang'anani bwino zitsulo za pansi pa bodi yakumbuyo, feteleza amadya chitsulo koopsa.

Ngati mukupenta, pulayimala woyenera ndi wa epoxy wosakaniza zitini ziwiri, chifukwa salola chinyezi kudutsa. Pakani kawiri, kenako penti wakuda wowala pang'ono chabe. Red oxide amene timapaka pa mageti ndi mabagalabazi ndi wotchipa ndipo amapezeka paliponse, koma payekha amamwa chinyezi, choncho sayenera kukhala miyezi osakutidwa. Komanso mukapopera penti wa thinala wamphamvu pamwamba pa penti wamafuta, wapansiyo amachita makwinya ngati khungu la nkhalamba. Zitini zonse zikhale za banja limodzi, ndipo werengani pa chitini nthawi yoyenera kudikira pakati pa kupaka koyamba ndi kwachiwiri.

Phula lakuda lochindikala limene ena amapaka kunsi ine sindilifuna. Likakalamba limang'ambika, madzi amalowa kuseri kwake, ndipo chitsulo chimawola inu mukuona ngati zonse zili bwino. Powder coating nayonso, ija ya penti wa ufa imene amawotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200, ili ndi khalidwe lomweli: mwala ukaiboola pamodzi, dzimbiri limayenda pansi pake mpaka imasupuka ngati khungwa. Imakwiriranso manambala ndi zipsera za wowotcherera wa ku fakitale, chitsulo n'kumaoneka ngati chapulasitiki.

Chitetezo choposa zonse ndi galvanising, kumiza chasisi yonse mu zinki wosungunuka pa madigiri pafupifupi 450. Zinki amalowa m'kati ndi kunja, ndipo ngakhale pakandike, iye ndi amene amayamba kudyeka m'malo mwa chitsulo. Makampani ochita izi ndi ambiri ku South Africa, ndipo ku Britain amagulitsa chasisi zatsopano zoviika kale. Musanatumize, chotsani penti yense, girisi ndi marabala, ndipo chitsulo chilichonse chotsekeka mbali zonse chibooledwe, apo ayi chimaphulika m'thankimo. Ikabwera, mabowo a mabawuti amakhala atachepa ndipo amafuna kuwapitanso ndi dirilo kapena tapu yodulira mazinga. Bulkhead ndi yopyapyala ndipo kutentha kumatha kuipinda, choncho ilimbitsidwe ndi zitsulo zopingasa isanamizidwe.

Chasisi yoviika imaoneka yasiliva, pamene ya fakitale inali yakuda. Ipenteni, koma osati mwachisawawa. Penti wamafuta akakumana ndi zinki amapanga ngati sopo pakati pawo, n'kusupuka. Yambani ndi mankhwala otchedwa T-wash, amene amadetsa zinki posonyeza kuti wagwira, kapena etch primer, pulayimala wa asidi woluma chitsulo, kenako wakuda uja. Ndipo wina akamawotcherera pa chitsulo chazinki, ayambe wapala zinkiyo, utsi wake woyera umadwalitsa ngati malungo.

Zotuwa zisiyeni zikhale zotuwa

Apa ndi pamene Land Rover ya pa ukwati ija inagwera. Bampala, felemu ya galasi ndi timizere ta bodi sizinapentedwepo ku fakitale. Zinali za zinki, zotuwa, zamawangamawanga ngati lata. Penti wasiliva wa m'chitini amaonekera patali kuti ndi wabodza. Ngati zinki wakale akadalipo, tsukani ndi sopo ndi siponji yokhakhala basi. Kutuwa kwake ndi ulemerero wa galimotoyo. Ngati dzimbiri laboola, zimasuleni zikaviikidwenso. Pobwera zimawala mopitirira, koma musade nkhawa, dzuwa ndi mvula ya chaka chimodzi zimazizimitsa. Sipuleyi wa zinki wozizira ndi wotsekera zilonda zazing'ono pamalo obisika, osati wopaka bampala yonse.

Ineyo ndinapsapo pa felemu ya galasi. Ndinaipereka kwa munthu wina kuti angoitsuka, iye pofuna kundisangalatsa anaipala ndi galayindala mpaka zinki yense anatha, n'kuipaka siliva. Mvula yoyamba isanathe inali itachita mathothomathotho ofiira. Kuyambira pamenepo ndimalemba ndi choko pa chitsulo chilichonse chimene sichiyenera kupalidwa.

Sefa yakutsogolo kwa rediyeta pa Series II ndi IIA ndi ya mawaya azinki, pamene Series III, yoyamba mu 1971, inabwera ndi yapulasitiki. Musasinthanitse, odziwa amaona msanga. Ndipo amene amaichotsa n'kuwotcherapo nyama, dziwani kuti moto umapsereza zinkiyo.

Mabawuti

Nkhani ya mabawuti imaoneka yaing'ono, koma ndi imene imaulula ntchito yonse. Ambiri a pa bodi anali otuwa mosawala, chifukwa ankawazunguza m'mgolo wotentha pamodzi ndi ufa wa zinki, njira yotchedwa sherardising. Mabawuti a m'mahadiweya a lero amakutidwa zinki ndi magetsi, kakhungu kake kopyapyala, nthawi zambiri mamaikiloni 5 mpaka 12, pamene kuviika kumasiya pafupifupi 45 kapena kuposerapo ngakhale pa chitsulo chopyapyala. Maikiloni 1000 ndiwo milimita imodzi. N'chifukwa chake bawuti lowala la m'sitolo limafiira pakangotha mvula imodzi kapena iwiri.

Choncho akale amene mazinga ake ali bwino musataye. Atsukeni, ndipo ngati mungapeze okuta zinki, pemphani mtundu wotuwa pa mabawuti a bodi, osati wachikasu wonyezimira uja. Kusunga akale kumakupulumutsaninso ku mutu wina: galimoto imodzi ikhoza kukhala ndi mazinga a mainchesi a BSF ndi Whitworth pa giyabokosi ndi maekiselo, a UNF pa bodi, ndipo Series III zakumapeto zili ndi ena a mamilimita. Kukakamiza nati ya mamilimita pa bawuti la mainchesi ndi kuononga zonse ziwiri.

Siteniresi ndi yokopa chifukwa sichita dzimbiri, koma ili ndi mavuto awiri. Bawuti wamba la siteniresi lolembedwa A2-70 ndi lofooka poyerekeza ndi lachitsulo lolembedwa 8.8, ndiye lisayandikire chiwongolero, mabuleki, masipuling'i kapena chokokera ngolo. Chachiwiri, likakhudzana ndi aluminiyamu pali chinyezi, aluminiyamuyo amadyeka mofulumira kuzungulira mutu wa bawutilo. Mabawuti olimba kwambiri, a 10.9 ndi 12.9, musawamize mu asidi kapena kuwakutitsa zinki mwachisawawa. Amamwa mpweya wa haidirojeni n'kudzathyoka mwadzidzidzi ngati galasi. Amenewo gulani atsopano. Masipuling'i nawonso asaviikidwe mu zinki. Amasuleni tsamba ndi tsamba, palani, pakani penti wakuda wopyapyala ndi girisi wa graphite pakati.

Bodi ya aluminiyamu ndi mtundu wake

Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, amachita ufa woyera ndi timabowo. Musamupopere mchenga mwamphamvu, panelo limapindika osabwereranso. Soda wowotcha amamusungunula. Bulashi ya waya wachitsulo imasiya tizidutswa timene timadzayambitsa chiwolo. Gwiritsani mankhwala ochotsera penti olembedwa kuti ndi oyenera aluminiyamu, ndi sandipepala wa m'manja. Mukafika pa chitsulo choyera, pukutani ndi chochotsera mafuta, mupopere etch primer mopyapyala kapena epoxy tsiku lomwelo, popeza penti wamba sagwira pa aluminiyamu wosakonzedwa.

M'mbali mwa bodi yakumbuyo muona timaenje tondondozana ndi mafunde ang'onoang'ono. Si ngozi ayi, ndi zipsera za makina owotcherera a ku fakitale. Okonza bodi athu akaziona manja amawayabwa, amafuna kuthira fila kuti pakhale see. Auzeni motsindika kuti azisiye. Land Rover yosalala ngati Benz yataya nkhope yake.

Mitundu yodziwika ya nthawi imeneyo ndi monga Bronze Green, Marine Blue, Pastel Green, Mid Grey ndi Limestone. Limestone ndi woyera mopita ku chikasu ngati mkaka wa m'chitini, ndipo ndi amene anali pa madenga olimba ndi marimu a galimoto zambiri, osati woyera wa firiji. Penti wa masiku ano wa 2K, wosakaniza ndi chowumitsira, ndi wolimba padzuwa lathu, koma amawala mopitirira, makamaka akathira clear coat, vanishi wopanda mtundu uja, pamwamba. Pemphani wopanda clear coat, ndipo wosakanizayo athiremo pang'ono mankhwala ochepetsa kuwala. Yesani kaye pa kachidutswa ka lata, kaume, mukafanizire ndi kachitsulo munasunga kaja muli padzuwa. Dziwaninso kuti chowumitsira cha 2K chili ndi isocyanate, poizoni woyambitsa mphumu. Kansalu kapamphuno sikateteza, pamafunika chigoba cholandira mpweya wabwino kuchokera panja. Amene alibe zida zotere angachite bwino ndi enamel wa galimoto, amene amatheka ngakhale ndi bulashi yabwino, ndipo kawalidwe kake kamayandikira ka kale.

Tsiku lopenta lisankhidwe. Chinyezi chikapitirira 85 pa 100 alionse, penti amachita mtambo ndipo madzi amatsekeredwa pansi pake. Masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje ndi ongokonzekera zida. Masana a October penti amauma asanagone bwino, ndipo kamvuluvulu mmodzi akhoza kukuthirani fumbi pa ntchito ya mwezi wathunthu. M'mawa wa May kapena August, mame atauma, pansi mutawaza madzi, ndi nthawi yabwino.

M'chipinda cha injini

Injini ya malita 2.25 ya zaka zambiri inali yobiriwira motuwa mopita ku buluu, ngati dzira la bakha, ndipo ya petulo ya mabering'i asanu imene inabwera mu 1980 inali yofiirira ngati njerwa. Yang'anani kuseri kwa sitata, mupeza wotsalira. Sefa ya mpweya ya oyilo ija, rediyeta, jenereta ndi mabulaketi zinali zakuda. Pa rediyeta penti akhale wopyapyala kuti isamatenthe. Kabiyuleta ndi giyabokosi musapente, ingotsukani. Madiramu a mabuleki apentedwe kunja kokha. Mapaipi a mabuleki ikani a kopa wosakaniza ndi nikelo, amene sachita dzimbiri ngati achitsulo. Ndipo kumbukirani kuti mafuta a mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amasungunula penti: pamene amadontha pansi pa master cylinder, pampu ya mabuleki, ndi pamene bulkhead imayambira kuwola, ndiye konzani kudonthako musanapente.

Pomanga, lekanitsani chitsulo ndi aluminiyamu

Paliponse pamene aluminiyamu akhudza chitsulo pali chinyezi, pamabadwa kabatire kakang'ono ndipo aluminiyamu ndi amene amalipira. N'chifukwa chake zitseko zimatupa m'munsi, ndipo bodi yakumbuyo imaboola pamene yakhalira chasisi. Mbali zonse ziwiri zipentedwe, ziume, kenako pakati pake pakani phala lachikasu lotchedwa Duralac, kapena ikani kalabala kopyapyala kaya tepi yapulasitiki yochindikala. Bawuti lililonse lodutsa mu aluminiyamu lipakidwenso. Duralac ali ndi poizoni wotchedwa chromate, valani magolovesi, ndipo wotuluka m'mbali mupukute asanaume kuti asaoneke. Girisi wa kopa ndi wabwino pa chitsulo ndi chitsulo, koma pa aluminiyamu ayi, kopayo amawonjezera chiwolo. Marivetsi bwezerani monga analiri: pamene panali a mutu wobulungira wosaboola, musaikepo a pop chifukwa chofulumira.

Chomaliza ndi m'mphako

Kuwotcherera ndi kupenta zikatheratu, ndi pamene mumathira mafuta a phula m'kati mwa chasisi, m'mizati ya bulkhead ndi m'mafupa a zitseko. Mukathira msanga, penti sadzagwira ndipo wowotcherera adzayatsa moto. Waxoyl ndi Dinitrol ndi ena mwa odziwika, palinso opangidwa ndi mafuta a ubweya wa nkhosa. M'kati mukhale mouma ndi mopanda matope. Apa kutentha kwa October kumene ndinakukanizani popenta kumasanduka bwenzi: imikani galimoto padzuwa, chitini muchiviike m'madzi otentha, ndipo phulalo limayenderera mpaka m'misoko. Lowetsani kapaipi kataliko pa bowo lililonse, mupopere mukukakoka pang'onopang'ono mpaka mutaona likudontha kwina. Madiramu a mabuleki ndi ekizozi muzikute ndi mapepala.

Oyilo wakutha wa mu injini, amene ambiri amathira m'chasisi, amachedwetsako dzimbiri, sindikana. Koma amakokoloka ndi mvula, amafewetsa marabala, ndipo amathera m'dothi la pakhomo ndi m'chitsime. Ngati thumba lavuta, oyilo watsopano wa giyabokosi wosakaniza ndi girisi pang'ono ndi wabwinoko.

Mukamaliza, tengani kawaya mutsegule timabowo tonse ta pansi pa chasisi ndi pansi pa zitseko, chifukwa phula limatitseka. Chaka chilichonse mvula ikatha, cha mu May, lowetsani paipi ya madzi m'chasisi mpaka otuluka akhale oyera, muisiye iume sabata yathunthu, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu muthirenso phula, kuyambira pa mtanda wakumbuyo umene umalandira matope onse a matayala.